Merle Tolliday ndi Mlongo Wake Wapampando

Ku Yarrumbil kunalibe munthu wodziwa kutsonya ngati Merle Tolliday. Ankatsonya apolisi, ankatsonya alendo a boma obwera ndi nsapato zonyezimira, ankatsonya ngakhale abusa akatalikitsa pemphero chakudya cha ana chikuzizira. Koma kutsonya kwakutali kuja, kochokera pansi pa chifuwa, ankasungira munthu mmodzi yekha: mlongo wake wamng'ono, Clarrie.

Awiriwa anabadwira kutsidya kwa mtsinje, kuzisakasa za malata kumene anthu athu, eni nthaka amene azungu amatitcha Aaborijini, ankaloledwa kukhala. Bambo awo ankayendayenda m'mafamu kumeta nkhosa, mayi awo ankachapira azungu a m'tauni. Masiku amenewo mwana aliyense wa kutsidyako ankadziwa kulira kwa galimoto ya a welofeya, anthu a boma amene ankabwera kudzatenga ana, ati kuti akaleredwe bwino kwina. Ikangomveka, ana onse ankathawira m'zitsamba za kudambo n'kugona chafufumimba mpaka fumbi litatha.

Tsiku lina galimotoyo inafika mayi awo ali kuntchito. Merle anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo pakhomo panali ana awiri: Daphne wa zaka zinayi, ndi Clarrie amene anali akukwawa. Merle anatsamiza Clarrie m'chiuno, anagwira Daphne padzanja, n'kuliyatsa liwiro. Pampanda wa waya diresi la Daphne linakodwa. Anakoka, anakokanso, koma waya sunalole, ndipo zitseko za galimoto zinali zitamveka kale. Anamusiya pomwepo. Anadzaonananso patapita zaka makumi anayi, Daphne ali mayi wachilendo wa dzina lina, wolankhula ngati mzungu wa ku Sydney. Anabwera kamodzi kokha, anamwa tiyi atakhala m'mphepete mwa mpando, ndipo sanabwerenso. Merle nkhaniyi sankaikonda. Ankaitchula pokhapokha Clarrie akamufika pakhosi.

"Ndinali ndi manja awiri okha," ankatero, "ndiye ndinatola phukusi lolakwika."

Sukulu anaisiyira panjira. Anapalira thonje m'minda ya azungu dzuwa likuswa mtengo, kenako anakwatiwa ndi Vince wokonza njanji, munthu wofatsa amene anamwalira ana awo anayi asanakule. Ntchito imene tauni yonse inamudziwira inayamba yokha, popanda kuikonzekera. Mnzake Noeleen Garvey anabwera tsiku lina maso ali psuu, kuti a welofeya ayamba kuzungulira ana a mng'ono wake chifukwa anawapeza ndi mafinya m'makutu.

"Ndiye tiziwasambitsa tokha asanawaone," anatero Merle.

Anakapempha kiyi wa shedi imene anyamata a mpira ankavaliramo, anakolopa mpaka fungo la masokosi litachepa, anabweretsa beseni, mphika waukulu ndi mabulangete awiri. Mmawa uliwonse iye ndi Noeleen ankayenda khomo ndi khomo kutolera ana. Ankawasambitsa, kuwapukuta m'makutu, kuwadyetsa supu wa mchira wa kangaru ndi mikate yootcha pamakala, ndipo Noeleen ankawaimbitsa tinyimbo ta chinenero cha makolo, timene anatipulumutsa ku zikwapu za aphunzitsi ali mwana. Posakhalitsa amayi a anawo anayamba kutsalira pakhomo la shedi, wina diso litatupa, wina ataitanidwa kukhoti osadziwa chifukwa chake. Merle ankawaperekeza kuchipatala, kukhoti, kulikonse. A welofeya akafika pakhomo pa munthu ankamupeza atakhala kale pakhonde, manja atapinda, akuwayang'ana ngati ntchentche yagwera m'tiyi.

Atapitirira zaka makumi anayi anakachita maphunziro a kaleredwe ka ana, n'kumakhala m'kalasi limodzi ndi atsikana a msinkhu wa ana ake, akutsonya mabuku koma akukhoza. Boma litatopa ndi pakamwa pake linamanga nyumba ya njerwa: sukulu ya mkaka mbali ino, chipinda cha sikelo ndi namwino mbali inayo, khitchini pakati. Pachikwangwani panalembedwa dzina lalitali, koma anthu ankangoti Kwa Merle.

Nanga Clarrie nthawi yonseyi anali kuti? Anali kalikiliki kuyamba zinthu. Anayamba kumeta nkhosa, msana unamupweteka mwezi usanathe. Anayamba nkhonya m'matenti oyendayenda a pachionetsero, anagwa asanaponye n'chibakera chomwe, ndipo mpaka lero amati anaterereka. Anapita kumzinda, anayamba mabanja atatu, n'kusiya ana uku ndi uku ngati nkhuku yoikira m'tchire. Chimene sanasiyepo n'kulankhula. Mulungu anamupatsa mawu a bingu ndi chifuwa chotambalala, n'kuiwala kuikamo kanthu.

Anatulukira ku Yarrumbil sabata imene ankatsegulira nyumba ya njerwa ija, atavala chipewa chachikulu ngati cha mwini famu. Lamulo linali loti nyumbayo ikhale ndi komiti, ndipo komiti ikhale ndi wapampando. Azibambo ena, amene sanagwirepo n'tsache lomwe kushedi kuja, anayamba kunong'ona kuti alendo a boma samva bwino mawu a akazi okhaokha. Noeleen anakana kwamtuwagalu. Koma Merle anali atalonjeza mayi ake, iwo ali pafupi kutsirizika, kuti Clarrie sadzamutaya.

"Musiyeni akhalepo," anatero Merle. "Mpando suluma. Bola asalowe m'khitchini."

Ndiye zaka zinapita Clarrie akudula maliboni, akulandira alendo, akujambulitsa. Ulaliki wake unali umodzi, ndipo ana a sukulu ya mkaka ankautha pamtima. Ankavula chipewa, kuchigwira pachifuwa, n'kubangula: "Ana athu ndi athu! Mwana wa kuno akulire kuno, m'manja mwa abale ake!" Alendo ankapukuta misozi. Merle ankaima pakhomo la khitchini ndi chipande m'manja. Clarrieyo sankadziwa dzina la mwana ndi mmodzi yemwe. Anyamata onse anali "ngwazi", atsikana onse "mfumukazi". Wojambula akabwera ankasankha khanda lonenepa kwambiri, ndipo likangonyowetsa thewera ankalitambasulira kutali ngati mbale yotentha, maso akusakasaka mzimayi wapafupi.

"Achemwali, mwamva mmene ndawalasira lero?" ankafunsa alendo atapita.

"Ndamva. Mpaka agalu a kwa Noeleen ayankha."

"Nsanje, achemwali, nsanje."

"Eya, nsanje. Sunthapo, waponda paipi ya madzi."

Mkazi wake wachinayi anali Glenys, mzimayi wochokera kugombe, wa mawu otsika ndi zikhadabo zazitali zopaka utoto wofiira. Merle anamuyang'ana kamodzi n'kumutcha Chidole. Glenys akabwera ndi keke paphwando la ana, Merle ankailandira ngati wapatsidwa njoka yakufa. Clarrie ndi mkazi wakeyo ankakhala mbali ya azungu, m'nyumba ya zipinda zitatu zogona ndi kapeti yoyera ngati mkaka, imene munthu sankapondapo ndi nsapato.

Chaka chimene Merle anayamba kuyendera ndodo, chiuno chitatha, madokotala atamupatsa tsiku la opaleshoni kumzinda, Shaylee anabereka mwana wamwamuna. Shaylee anali mdzukulu weniweni wa Clarrie, wobadwa kwa mwana wake wamkazi wa banja loyamba amene anafa pangozi ya pamsewu. Mtsikanayo anali asanakwanitse zaka makumi awiri, ndipo mnyamata amene anamupatsa mimba anali atamuphunzitsa mankhwala ozunguza bongo n'kumugulula dzino. Mmawa wina mzimayi wa welofeya anaimbira Merle foni. Anali wachichepere, wotopa, ndipo sanazungulire: mwana sangatuluke m'chipatala ndi mayi ake okha. Akapezeka wachibale wa nyumba yokwanira dzuwa lisanalowe, mwana akhala kuno. Akapanda kupezeka, apita kwa anthu achilendo kutali.

Kwa Merle kunali kodzaza. Mwana wake wamwamuna ankakhala naye pamodzi ndi adzukulu anayi, awiri akugona pabalaza. Merle anakwera basi ya sukulu, Noeleen ali pachiwongolero, ulendo wa kwa Clarrie.

Anamupeza akulongedza sutikesi. Kuhotela ina ya kugombe kunali msonkhano waukulu wokambirana zosunga ana m'mabanja mwawo, ndipo wotsegulira anali iyeyo.

"Nsapato, achemwali," anatero Clarrie ataona mlongo wake pakhomo.

Merle analowa nazo, ndodo yake ikusiya timadontho ta dothi lofiira pakapeti.

"Mdzukulu wako wachira. Mwana akumutenga lero ngati palibe wachibale. Iwe uli ndi zipinda ziwiri zogona akangaude."

"Ha! Zomvetsa chisoni zedi. Ndikaitchula nkhani imeneyi kumsonkhano. Akaimva ndithu."

"Sindikufuna ukaitchule. Ndikufuna unene kuti eya."

Clarrie anapinda malaya, anawafunyulula, anawapindanso. "Achemwali, inu mukudziwa mmene ndimakondera ana. Koma taganizani. Mtsikana ameneyu ali ndi anzake a mankhwala. Azibwera pano. Apolisi aziima pageti langa, ine wapampando. Dzina la sukulu yathu liipa."

"Dzina la sukulu."

"Komanso khanda limafuna munthu wamphamvu. Ine shuga wandivuta masiku ano. Glenys sanaberekepo, sadziwa n'kogwirira komwe."

Glenys, amene anaima pakhomo la khitchini, anati motsitsa, "Ine ndikhoza kuphunzira."

"Iwe khala chete. Izi n'za pamtundu pathu."

Merle anamuyang'ana mlongo wakeyo kuyambira kumasokosi mpaka kudazi, pang'onopang'ono, ngati munthu woyang'ana nyama imene yayamba kununkha.

"Clarrie, tsiku lija ndinathamanga nawe mpaka minga inandisenda miyendo. Unkalemera ngati thumba la mchenga. Ndinkayesa ndanyamula munthu."

"Aa, achemwali, zakale zimenezo."

"Pita kumsonkhano wako. Chipewacho usaiwale, angakuone m'mutu kuti muli mphepo yokhayokha."

Dzuwa lisanapendeke Merle anali ali kuchipatala, akuuza wa welofeya uja kuti atenga onse awiri, mwana ndi mayi ake. Mwana wake wamwamuna ndi adzukulu aja anasamukira kwa Noeleen, amene anangoti, "Abwere, pansi sipadzaza." Tsiku la opaleshoni linadutsa Merle akuchapa matewera, ndipo kumzindako ukaphonya tsiku lako umabwerera kumapeto kwa mzere.

Mwanayo anamutcha Kobi. Anabadwa thupi lake likufuna zimene mayi ake ankamwa, ndiye ankalira kulira kobaya, akunjenjemera, osatonthola pokhapokha wina akamuyendetsa m'manja. Shaylee ankangogona atayang'ana kukhoma. Merle ankayesa kuyenda ndi mwanayo kuchoka kuchitseko kufika kuzenera, koma chiuno chinkamubaya ngati msomali, ndipo kangapo anatsala pang'ono kugwa naye.

Patapita masiku ochepa, mmawa, galimoto ya Clarrie inaima pageti. Munatuluka Glenys yekha, atanyamula kabedi ka mwana katsopano ndi chikwama cha zovala zake.

"Chidole chasochera," Merle anauza Noeleen mokweza kuti mwini wake amve.

"Ndabwera kudzanyamula mwana, alamu. Inu mukhale pansi."

"Ndi zikhadabo zimenezo? Ukufuna kumusenda ngati mbatata?"

Glenys anapempha sizasi, anakhala pakhonde, n'kuwenga zikhadabo zonse, tizidutswa tofiira tikugwera m'fumbi. Atatha anatambasula manja. Merle anamupatsa mwanayo, ndipo analowa m'nyumba kukateleka tiyi wa anthu atatu. Glenys sanabwererenso kunyumba ya kapeti. Merle anapitiriza kumutchula Chidole, koma dzinalo linasanduka lake yekha. Mzimayi wina atayesa kulitchula pasikelo, anatuluka makutu akuyaka.

Clarrie anabwera kuchokera kugombe ndi chikho cha galasi chimene anamupatsa chifukwa cholankhula bwino. Anapeza nyumba ili zii, mbale zili mbwee, ndipo anauza anthu kuti mkazi wake wamubwereketsa kwa achemwali ake kuti akathandize.

Msonkhano wapachaka wa komiti nthawi zonse unkakhala wa anthu owerengeka, obwerera tiyi ndi masikono. Chaka chimenecho holo inadzaza. Azimayi anakhala mpaka m'mawindo, makanda pamiyendo, ena mwa iwo anthu amene anasambitsidwa m'beseni lija la kushedi. Clarrie ataona khamulo anayesa labwerera chikho chake. Anachiika patebulo, anavula chipewa, anachigwira pachifuwa.

"Ana athu ndi athu!"

"A wapampando," anatero Noeleen ali kumbuyo, osaimirira n'komwe, "mwana wa Shaylee dzina lake ndani?"

Clarrie anamwetulira, anatsokomola, anayang'ana kudenga.

"Ngwazi yathu yaing'ono ija..."

Azimayi anaseka, koma sikunali kuseka kwa chisangalalo. Kunali kuseka kuja kumene amaseka munthu akagwa ndi katundu wakuba. Azibambo aja amene anamukweza pampando anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Itakwana nthawi yosankha wapampando, wina anatchula dzina la Tahnee Corrigan, namwino wa sikelo, mtsikana wosalankhulalankhula amene mayi ake anali mmodzi wa oyamba kuperekezedwa kukhoti ndi Merle. Manja anakwera ngati mapira. Merle yekha sanakweze dzanja, kwa uyu kapena kwa uyo. Anakhala chibwano chili pandodo, akuyang'ana kukhoma.

Clarrie anatembenukira kwa iye, nkhope itagwa. "Achemwali, simunenapo kanthu?"

"Amayi ndinawalonjeza kuti sindidzakutaya," anatero Merle. "Sindinawalonjeze kuti ndidzakuvotera."

Clarrie anatuluka chikho chili m'khwapa, ndipo palibe anamutsekulira chitseko.

Za Shaylee sizinayende mowongoka. Anapita kumalo othandizira osiya mankhwala, anabwera akuoneka bwino, anagwanso, anasowa miyezi yambiri kumzinda, n'kubweranso ataonda ngati bango. Merle ankamulandira ndi mawu olasa ndi mbale yodzaza. Pano Shaylee amathandiza m'khitchini ya sukulu ya mkaka masiku ena, masiku ena sadzuka. Kobi anakula, ndi mnyamata wa liwiro ndi mphuno zosauma, ndipo agogo ali nawo awiri, wa ndodo ndi wa keke. Opaleshoni ya Merle inabwera mochedwa, moti kutsimphina sikunathe. Anatula pansi udindo, koma mmawa uliwonse amafikabe kukalawa supu n'kuuza ophika kuti mchere wachepa.

Clarrie shuga uja sanali bodza lokhalokha. Impso zinaleka kugwira ntchito, ndipo madokotala anati azipita kumakina osefa magazi m'tauni yaikulu, ulendo wautali pamsewu wa fumbi. Ana amene anawasiya kumzinda sankayankha foni. Azibambo a mukomiti aliyense anali ndi chifukwa chake: wina tayala, wina bondo, wina apongozi. Glenys anati akhoza kumuchapira, koma kukhala naye m'galimoto ayi. Mmawa wa tsiku loyamba Clarrie anatuluka pakhomo osadziwa kuti ayenda bwanji, n'kupeza chigalimoto chakale cha malemu Vince chikulira pageti.

"Kwera," anatero Merle. "Ndipo nsapato ugwedze."

Kuchipatalako, mapaipi ali pamkono, Clarrie anapeza anthu atsopano oti awalalikire. Ankauza anamwino kuti sukulu ya mkaka ya ku Yarrumbil anaimanga yekha, njerwa ndi njerwa, boma likukana. Namwino wina wachitsikana anatembenukira kwa Merle, amene ankaluka kajuzi ka Kobi pakona.

"Zoona, Anti? Anamanga okha?"

"Eya. Ndi pakamwa."

Pobwerera ankakhala wofooka, mawu a bingu aja atasanduka a mwana wa mbuzi. Tsiku lina, ali pakati pa chigwa chopanda ndi mtengo womwe, anafunsa ali maso kunja.

"Achemwali, mumandiperekezeranji pomwe mumadana nane?"

"Kudana ndi munthu ndi ntchito, ine ndinapuma. Chibale ndi fupa, sichiola. Chimangonunkha. Tseka zenera, fumbi likulowa."

Atayenda pang'ono Merle anaponda buleki. Emu, chimbalame chachitali chija chosauluka, ankadutsa msewu mosafulumira, kumbuyo kwake kuli anapiye a mizeremizere akuthamanga mondondozana. Anafika tsidya linalo, anaima, anatembenuka, n'kudikira mpaka kotsiriza katawoloka.

"Ukumuona uyo?" anatero Merle. "Ndi bambo ameneyo. Mazira amafungatira yekha, osadya. Ana amalera yekha. Unamvapo kuti waitanidwa kumsonkhano?"

Clarrie anakokera chipewa kumaso, n'kuyamba kuliza mkonono wabodza. Merle analowetsa giya, galimoto inatsokomola kawiri, ndipo anapitiriza ulendo. Ankafuna akafike ana asanaweruke, chifukwa linali tsiku lake lokatenga Kobi.